Mluzu wa m'galimoto ya malume

Anayambitsa zonsezi ndine, ndipo ndikakumbukira mmene anyamata a makadi a chipani anathawira, phwete limandigwirabe.

Malume anga, makaniko wa ku Nchalo, anali ndi kagalimoto kakale kochokera ku Beira. Dzimbiri linali litadya mizati iwiri yogwira galasi lakutsogolo. Wakumanja anaudula, kuwotcherera chitsulo chatsopano, kumata bwinobwino. Wakumanzere unali ukadali ndi chibowo. Mmenemo ndinabisamo kabango koboola, kuti mphepo ikalowa kaziimba mluzu, ndiwaopseze. Malungo anawatenga asanayendetsenso galimotoyo.

Tsiku loika maliro ndinadzuka kusanache. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, moto wapansiwa utatsala makala okha. Dzuwa linatuluka likuwotcha kale. Anthu anafika pa njinga, ena pa ngolo, asodzi a kudambo matope ali kumiyendo. Akuluakulu anagwirizana kuti bokosi lipite kumanda kwa Katunga pa galimoto ya mwini wake. Za kabango ndinali nditaiwaliratu.

Titangolowa mumsewu, mluzu unayamba. Woonda, wautali, ndendende mmene malume ankaimbira akamawotcherera. Nyimbo inadukira pakati. Anyamata a malaya ofiira ofunsa makadi a chipani pamlatho analowa m'munda wa nzimbe osacheuka. Dalaivala akaima, zii. Akayenda, uwo wayambanso. Ngakhale ine tsitsi linandiima.

"Akukana kupita," anatero mkulu wina. "Alipo wamudya."

Maso onse anagwera akazi a malume, mlendo wa ku Mozambiki wopanda mbale kuno. Kumanda anthu anawatalikira. Ndinamva azilamu awo akunong'onezana zowabweza kwawo, kumene nkhondo inali ili mkati.

Apo ndinakumbukira kabango kaja. Ndinakwera pa boneti, ndinapisa chala m'chibowo muja, ndinasolola kabango n'kukaliza pamaso pa abusa.

"Iwe mphale, mnyamata iwe!" anakuwa bambo anga. Mbama inafika mawu asanathe. Ya kusukulu imawawa kuposa pamenepo. Chilango china chinali kupala dzimbiri lonse la mzati wotsalawo.

Madzulo anthu atabalalika pakhomo panali zii. Ine ndinkapala, ndikusekera m'mimba. Akazi a malume anatuluka m'nyumba, anatsegula chitseko cha galimoto, nakhala pampando wa dalaivala, manja pachiwongolero.

"Usataye kabango kaja," anatero osandiyang'ana. "Mawa ukabwezeremo. Ndikufuna ndiwamvenso."