Bambo Anga, Amuna Anga ndi Chopereka cha Yuniyoni

Ndinakwatiwa m'komboni ya anthu a njanji ku Kafue m'zaka za Chitaganya. Nyumba yathu inali mzere umodzi ndi ya bambo anga, moti ndikaphika ndiwo ndinkawapatulira m'kambale n'kukawapatsa zisanazizire. Mayi anali atamwalira kale.

Bambo anachokera ku Nyasalande ali mnyamata. Ntchito yawo inali ya pampope wa kumtsinje, wokoka madzi omwe sitima zinkamwa zikaima pasiteshoni. Amuna anga anabadwira konko ku Kafue, ndipo ankalumikiza mabogi a sitima m'yadi ya pasiteshoni. Awiriwa ankakondana kwambiri. Amene anandipezera mwamunayu ndi bambo omwewo. Anamuona kumisonkhano ya yuniyoni ya antchito akuda, imene iwo anali m'gulu loyamba kuilowa kwathu kuno, nthawi imene kuilowa kunkachotsetsa munthu ntchito. Ankati, "Mnyamata uyu akamayankhula sayang'ana pansi."

Pamalipiro a mwezi, kampani inkasunga kagawo kena ka penshoni kuti munthu adzalandire akadzapuma pantchito. Yuniyoni nayo inkatenga chopereka chake, koma inkawerengera pa ndalama yokhayo imene munthu walandira m'manja. Chaka china kunamveka zoti kukhala sitiraka, ndipo thumba la yuniyoni linali lopepuka. Achinyamata anati chopereka chiziwerengedwanso pa kagawo kosungidwa kaja, ndipo amene akupuma azisiyako kenakake akamalandira. Amene anabweretsa ganizoli kumsonkhano anali amuna anga. Bambo anali atatsala pang'ono kupuma.

Ine kumsonkhanoko sindinapite. Nkhaniyo inandipeza pakhomo Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi, bambo atabwera kudzadya nafe monga mwa masiku onse. Anasamba m'manja, koma nshima sanaikhudze.

"Apongozi," anatero bambo, "ndalama imene sindinaione n'komwe, inu mwaigawa kale?"

Amuna anga anayankha mwaulemu, m'chinyanja chawo cha m'tauni. "Batata, ija penshoni siinagwe kumwamba. Ni yuniyoni inamenyela. Manje ngati tadyako, tibwezeko bwanji?"

"Anamenyera ndani? Inu munali kuti? Ine ndinagona m'chitokosi chifukwa cha yuniyoni imeneyi inu mukusewera mpira wa nsanza. Mwezi ndi mwezi ndapereka osadumphitsa. Iyi yatsalayi ndi ya ukalamba wanga. Inu muli ndi manja, mudzagwirabe ntchito. Ine ndikatuluka pageti paja basi."

"Ngati bakulu bakana, bafana naonso bazakana. Sitiraka izafa."

"Ndiye ife tife ndi njala kuti sitiraka ikhale moyo?"

Ndinagwada pakhomo la kukhitchini ndi jagi ya madzi m'manja, osadziwa woyamba kumuthirira. Bambo anaimirira, natenga chipewa chawo. Anandiuza kuti, "Mwanawe, nshima yako ndidzadya tsiku lina." Anatuluka.

Msonkhano wotsatira anthu anakweza manja, ndipo ganizo la amuna anga linapambana. Bambo anaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti akutuluka m'yuniyoni. Sindikhulupirira kuti ankaganiza kuti awalola kupita. Ankayembekeza kuti anzawo akale awagwira mkono n'kuwakhazika pansi. Palibe anadzuka.

Zitatero komboni inawatembenukira. Masiku amenewo munthu wotuluka m'yuniyoni ankatengedwa ngati wagulidwa ndi azungu. Akamadutsa pamsika, azimayi ogulitsa nsomba ankatsitsa mawu. Ana ankawaimbira nyimbo yonyoza, ena mwa iwo ana amene bambo anawanyamulapo pa ubatizo. Kutchalitchi benchi yawo inayamba kukhala ndi malo ambiri. Sitiraka itafika, bambo anapitabe kumpope. Anandiuza kuti madzi omwewo ndi amene ankafikanso pampopi wa m'komboni, ndipo sakanalola ana kumwa a m'dambo. Koma anthu anangoona munthu wopita kuntchito anzake atakhala pansi. Wina anawaphwanyira zenera.

Ine ndinkapitabe ndi kambale kanga, anthu akundiyang'ana. Ndinali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Tsiku lina ndinawapeza akumata zenera lija ndi katoni.

"Bambo, bwererani. Mungopepesa, nkhani ithe."

"Ndipepese chiyani?"

"Ngakhale musapepese. Mungobwera kunyumba mudzadye."

"Amuna ako adzandiitane okha."

Kunyumba ndinawauza amuna anga. Iwo anati, "Nikayenda kuja, mawa bazakamba kuti naine banigula. Lekani vizizile." Sanali munthu woipa. Ankandifunsa ngati bambo adya, ndipo nthawi zina ankagula nyama yochulukirapo osanena kuti ndi ya yani. Koma mapazi awo sanaponde pakhomo paja. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe.

Mwana anabadwa, wamwamuna. Ndinapita naye kwa agogo ake ndekha. Anamuyangata, namuyang'anitsitsa, nati, "Mphumi iyi ndi ya bambo ake." Anaseka pang'ono, kenako anatembenukira kukhoma.

Nthawi yopuma itakwana analandira ndalama yawo yonse, yuniyoni osatengapo kanthu. Mwambo unali woti munthu akamapuma anzake amamuphikira, kumuimbira ndi kumuperekeza. Bambo sanawachitire zimenezo. Kale ankanena kuti adzapempha kamunda ku Shimabala kuti azikhala pafupi ndi ife, koma tsopano anati akubwerera ku Nyasalande, kumudzi kumene anachokako kalekale, kumene owadziwa ambiri anali m'manda.

Pasiteshoni tinali ine, mwana kumsana, ndi msodzi wina wokalamba amene ankacheza nawo kumtsinje. Amuna anga anali pantchito m'yadi momwemo. Ndinawaona ataima pakati pa njanji, mbendera ili m'manja, akuyang'ana kwa ife. Bambo nawonso anawaona. Ndinati mumtima, tsopano mmodzi akweza dzanja. Sitima ya ku Lusaka inalira, bambo anakwera, nakhala mbali ya zenera loyang'ana kwina. Sitima itachoka, amuna anga anavula chipewa, koma bambo sakanatha kuona.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso. Kenako munthu wina wochokera kumudzi kwa bambo, wopita kumigodi ya kumwera, anatsika pa Kafue n'kufunsa nyumba yathu. Anati bambo anadwala chifuwa ndipo anaikidwa kale mwezi wathawo. Anati ankakonda kukhala panja n'kumauza ana za mlatho wa pa Kafue ndi za mdzukulu wawo.

Amuna anga analira kuposa ine. Anayenda okha nyumba ndi nyumba kuuza anthu, ndipo tinakhala maliro opanda mtembo. Anabwera onse, a yuniyoni, a kutchalitchi, azimayi a pamsika. Akuluakulu anaimirira mmodzimmodzi kunena mmene bambo analimbira mtima masiku oyamba aja, mmene anawaphunzitsira kusaopa kapitawo. Zonse zinali zoona. Ine ndinali kuseri ndi azimayi anzanga, kusonkhezera moto ndi kugawira anthu chakudya. Wina anabwera kudzandiitana kuti mwana wa malemu anenepo mawu. Ndinati utsi wandilowa m'maso, ayankhule okha.