Chaka Chimene Tinawamana Nsomba Bambo

Bambo anga ndi msodzi kuyambira ubwana wawo, koma chaka chimene anawapeza ndi matenda a shuga tinawamana nsomba miyezi isanu ndi umodzi. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Anayambitsa ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene anabwera kuchokera ku Chitala kudzazonda matenda. Anandipeza ndikuwotcha utaka, n'kundilanda mbale.

"Iwe, ukufuna kuwapha bambo ako? Wa shuga sadya chamafuta chilichonse. Nsomba ayi, nsinjiro ayi."

Nditafunsa kumene anazimva, anati anawauza mayi wina mu minibasi. Ine ndi sukulu yanga yonseyo ndinangomvera, poti ndi akuluakulu. Azakhali anakhazikika pakhomo ngati mlonda. Bambo ankabwera kuchokera kunyanja ndi usipa wodzaza ndowa, ife n'kumadya, iwo tikuwapatsa chinangwa chophika, mpunga ndi masamba owiritsa opanda kanthu. Sankadandaula. Ankangotembenukira kumpanda kuti asaone mbale zathu.

Anaonda mpaka malaya ankangolendewera. Kenaka mapazi anayamba kuchita dzanzi, moti tsiku lina anaponda mbedza osamva. Ndinawakweza kabaza kupita nawo kuchipatala.

Dokotala atayeza magazi anandifunsa zimene amadya. Ndinafotokoza monyadira, ndikuyesa andiyamikira. Anaika cholembera pansi.

"Achemwali, mafuta si amodzi. A nyama yonona, amenewo chepetsanidi. Koma alipo ena amene thupi silingapange lokha, monga a mu mtedza ndi a m'nsomba. A mu mtedza thupi limayamba lawasintha kaye kuti agwire ntchito m'mitsempha, ndipo kwa munthu wa shuga kusinthako kumatha kuyenda pang'onopang'ono. A m'nsomba amabwera okonzeka kale. Nsomba si mankhwala, mapiritsi azimwabe. Koma inu mwawachotsera chakudya chowayenera, n'kuwadzazira mbale ndi zokweza shuga."

Ndinasowa poyang'ana. Bambo anangoti, "Mwanayu ankachita zimene anauzidwa." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kundikalipira.

Titafika kunyumba sindinavule n'komwe nsapato. Ndinasonkha moto, kuwotcha utaka anayi, kutendera chisoso, n'kuwaikira bambo pamkeka. Azakhali anayamba kukuwa kuti ana a masiku ano ndi amwano.

"Azakhali," ndinatero, "mayi wa mu minibasi uja mukamuuze kuti achimwene anu sakumva mapazi awo."

Aka kanali koyamba kuyankha munthu wamkulu chotero. M'mawa mwake azakhali anamanga katundu wawo, akuti iwo ankangofuna kuthandiza. Sanapepese.

Shuga anatsika patapita miyezi, thupi linabwererako, koma dzanzi silinathe. Dokotala anati mwina dzanzilo likanabwerabe, poti matendawa amawononga mitsempha. Mwina ndi zoona. Bwato lawo bambo anapatsa mlamu wanga, ndipo iwo masiku ano amasoka maukonde a anzawo pansi pa mtengo wa mango. Ku Chitala sindinapondeko.