Nkhosa Imene Achimwene Ankafuna Kulawa

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chiwawu chinapsereza kachewere yense m'munda mwanga. Mwamuna wanga anali atamwalira, ndipo mwana wanga Tadala anali pafupi kulowa sekondale. Ndinamusiya kwa amayi kwathu kufupi ndi Kabwazi, n'kugulitsa mbuzi ndi njinga ya malemu. Achimwene anga, a Dominiko, anandiperekeza mpaka pa Linthipe. Njira yonse ankandilalikira za makhalidwe a mkazi wapaulendo, ndipo basi itafika anandikumbutsa saizi ya nsapato zawo.

Ku Cape Town mayi wina wa ku Ntcheu anandipezera ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti yotchuka ndi nyama ya nkhosa. Kwathu nkhosa timaimva kwambiri kutchalitchi kuposa kuiona m'mbale. Kumeneko anthu ankayenda mitunda, foni kumanja, kusakasaka malo ophika bwino nkhosa ngati akufuna chipatala. Akakhala pansi ankandifunsa kuti nkhosayo inakulira kuti, inkadya udzu wanji. Ine amene ndinkawaimirira miyendo itatupa, palibe anandifunsapo kumene ndinakulira.

Malipiro a pamwezi ankathera kulendi ya kachipinda. Tinkadalira tipu, kandalama kamene wodya amasiya pamwamba pa bilu ngati wakhutira nawe. Munthu ankadya tinthiti tosapsa, magazi akuchucha, n'kusiya mnofu kufupa, kenako n'kuyamba kukuweruza ngati wamumwetulira mokwanira. Ena ankachita masamu pafoni iwe uli chiimire, kuti uone mtengo wako. Ena ankakuyamikira mpaka kukugwira paphewa, n'kutuluka osasiya kanthu. Oipitsitsa anali oitana munthu poliza zala, ngati akuitana galu. Onsewo ndinkawanyoza mumtima, mano ali panja.

Mauthenga a achimwene ankafika mwezi ukamatha. Ankayamba ndi vesi n'kumaliza ndi feteleza. Nyengo ina yozizira ndinadwala chifuwa, ndinagona ndekha masiku angapo popanda wondipatsa ngakhale madzi. Nditawauza anayankha kuti, “Tikukupempherera. Malata akwera mtengo, uchite changu.” Amayi okha, akabwereka foni kwa aneba, ndi amene ankafunsa ngati ndadya.

Tadala atalemba mayeso a folomu folo ndinabwerera. Ndinapeza achimwene atasiya kunditchula Esinati, tsopano ndinali achemwali. Anali ndi malo m'mbali mwa msewu pa Linthipe, ndipo maganizo awo anali akuti ine ndiikepo zonse zimene ndinasunga, titsegule lesitilanti yabanja. Ndinali pafupi kuvomera. Ndinali nditatopa ndi kukhala ndekha, ndipo mawu akuti banja ankandikomera m'khutu.

“Koma tisanayambe, mukandidyetse nkhosa ija munkaitchula,” anatero. “Ndione chimene azungu amafera.”

Anavala suti yawo ya pa Pasaka ndipo tinakwera minibasi kupita ku boma. Tinalowa malo odyera awa, kutuluka, kulowa ena. Konse kunali mbuzi, nkhuku ndi tchipisi. Mayi wina wophika anatiseka n'kunena kuti za nkhosa tikafunse kwa abambo mfumu. Pomaliza wakabaza wina anatilozera malo ogona alendo kunja kwa tauni, kumene amaima apaulendo ndi amabungwe.

Amene anabwera kudzatilandira anali Felesita, mnzanga amene tinkaimba naye kwaya tili atsikana. Anandigwira manja onse awiri n'kufunsa za amayi ndi za Tadala. Achimwene amamudziwa bwino, munda wa amayi ake unachita malire ndi wathu. Koma atangokhala pampando wa khushoni, menyu ili kumanja, anaiwala nkhope yake.

Analiza zala.

“Iwe, tabwera kuno. Tebulo ili lanyowa.”

Tebulo linali louma. Felesita analipukutabe. Ndinawayang'ana achimwene n'kumadzifunsa kuti anaziphunzira kuti zimenezi, munthu amene sanapitirirepo Ntcheu. Nyama itabwera anaibweza chifukwa inali yofiira m'kati. Itabweranso anati yauma ngati chikopa cha ng'oma. Anaimaliza yonse, n'kuyamwa mafupa, n'kutenganso nthiti imodzi m'mbale mwanga.

Pakati pa kutafunako anandifotokozera mmene lesitilanti yathu idzayendere. Ine ndi alamu, akazi awo, tidzakhala kumoto ndi kumatebulo, iwo adzakhala pakauntala.

“Makasitomala amafuna kuona mwamuna pamene pali ndalama,” anatero.

Ndinalipira bilu, n'kusiya tipu pansi pa mbale. Tili pageti, Felesita anabwera akuthamanga, ndalama ija ili m'manja.

“Esinati, mwaiwala chenji.”

“Ndi yanu imeneyo. Ndi zikomo yanga.”

Asanabweze dzanja, achimwene anaitsomphola n'kuiponya m'thumba la jekete.

“Musawazoloweze awa, amalandira pamwezi. Munthu akalephera sukulu n'kumanyamula mbale za anthu, asayembekezenso mphatso.”

Ndinawafunsa kuti malata ali panyumba pawo anagulidwa ndi ntchito yanji.

“Zanu zinali mbale za azungu, n'zosiyana,” anayankha, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

Ndinaima pomwepo mpaka anaitulutsa ndalamayo. Nditampatsa Felesita, anaika manja kumbuyo.

“Isungeni, mnzanga. Sindikufuna kukudanitsani ndi abale anu. Mawa ndikumana nawo kumunda.”

Anabwerera m'kati. Ku Cape Town ndinalandirapo tipu yoponyedwa patebulo ngati chimanga cha nkhuku, ndipo ndinkaitola chifukwa oponyawo sankadziwa dzina la amayi anga. Felesita anali ndi chifukwa chokanira. Amene anamuchita chipongwe anamuona akukula.

Mu minibasi ndinawauza achimwene kuti za lesitilanti aiwale. Anaseka kaye, akuganiza kuti ndikucheza. Ataona kuti nkhope yanga sikusintha, uchemwali unathera pomwepo.

“Iwe Esinati, ku Joni kwakuwononga mutu.”

Pofika Loweruka mudzi wonse unali utamva kuti ndabwera ndi matama, ndipo ndimamwaza ndalama kwa anthu akunja pamene m'bale wanga akuvutika. Azakhali amene sananditumizirepo moni zaka zonse zija anabwera kudzandilangiza, ndipo pochoka anapempha shuga. Amayi sanandidzudzule, koma anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundipempha kuti ndikapepese.

“Ndi mwamuna yekha amene watsala m'banja muno,” anatero motsitsa mawu. “Ndikadzafa, adzayendetse maliro ndani?”

Sindinakapepese. Malo aja pa Linthipe mpaka lero pamera bonongwe.

Lamulungu lotsatira ndinapita ku Misa. Achimwene ndi wapampando wa mphakati wathu wa kutchalitchi, ndiye amakhala kutsogolo, ndipo tsikulo Felesita anakhala pabenchi la kumbuyo kwawo. Ansembe atati tipatsane mtendere, achimwene anatembenuka, n'kugwira dzanja la Felesita ndi manja awo onse awiri, atawerama pang'ono.

“Mtendere wa Ambuye, achemwali.”

Felesita anapinda mawondo n'kuyankha mwaulemu. Palibe amene anaona chachilendo, ngakhale onse a m'mabenchi amenewo nkhani ya pageti anali ataimva. Kenako achimwene anayenda kubwera kumene ndinali, dzanja lili patsogolo, anthu akuyang'ana. Ndinatembenukira kwa gogo wina wosamva amene anakhala kumanzere kwanga, n'kugwira dzanja lake mpaka kwaya itayamba nyimbo.