Boti la Inu Nokha

A Nasimbi anakalambira m'chipinda chositira zovala pa hotela ya m'mbali mwa nyanja. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa dzanja lawo lamanja linali litapindika ngati lagwirabe simbi, ngakhale popereka moni. Chipindacho chinali kuseri kwa khitchini, ndipo zenera lake linkayang'ana khoma la thanki ya madzi. Nyengo ankazidziwira pa nsalu. M'dzinja matawulo ankabwera akununkha chinyezi ndipo sankauma. Mphepo yozizira ikayamba, malaya a alendo ankabwera ndi mchere m'makolala. M'chilimwe nsalu inkauma gwa asanamalize kuyanika inzake.

Alendo ankachokera kutali kudzaona dzuwa likulowa pamalo pamene nyanja yamchere imapindikira kumtunda ngati chigongono. Madzulo alionse boti la hotela linkawatenga. Nsalu yoyera ya pa tebulo la m'botimo ankasita ndi a Nasimbi, m'mawa n'kuilandiranso ili madontho a vinyo okhaokha. Iwo eni ake ankaweruka magetsi a mumsewu atayaka kale. Dzuwa lotchukalo ankangolimvera kwa ena.

Amuna awo, amene ankanyamula katundu padoko, anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo akadali wamng'ono. Simbi ndiyo inamulipirira sukulu. Anakula, anapeza ntchito kumzinda wakutali, anakwatira, anabereka mwana wamkazi. Mdzukuluyo a Nasimbi ankangomuonera pa foni. Anamera mano pa foni, anayamba kuyenda pa foni. Chaka chilichonse mwana wawo ankati, "Mphepo ikangoleka tibwera, amayi." Mphepo inkaleka, mvula n'kugwa, iye osaoneka.

Chaka chimene mawondo anawakana mpaka kupuma ntchito, mwana uja anaimba foni ali wosangalala.

"Amayi, Loweruka likubwerali muvale bwino. Takukonzerani chinthu chachikulu. A ku boti akuimbirani."

M'mawa mwake mtsikana wa ku ofesi ya maboti anaimbadi. "Mwana wanu wasungitsa boti la madzulo, mayi. Simudzasakanikirana ndi alendo ena ayi. Ndi la inu nokha."

"La ife tokha?"

"Eya, la inu nokha."

A Nasimbi anamva zimene mtima wawo unkafuna kumva: iwo, mwana wawo, mpongozi ndi kamdzukulu, popanda mlendo. Anakabwereka matiresi kwa mnzawo wochapa, amene onse ankamutcha Thovu chifukwa cholongolola. Anasita zofunda mbali zonse ziwiri. Anagula kachipewa kachikasu kuti dzuwa la panyanja lisamuwotche mwanayo. Msewu wonse unadziwa kuti Loweruka a Nasimbi anyamula mdzukulu wawo.

Tsikulo linafika m'masabata abata aja, mphepo itatopa koma mitambo isanayambe kusonkhana. Anakhala pa siteji ya basi kuyambira masana. Mabasi anatsitsa ana a eni ake okhaokha. Foni ya mwana wawo inkangolira. Anadziuza kuti mwina apita molunjika kudoko pa galimoto, ndipo ananyamuka mawondo akulira, kachipewa kali m'manja. Thovu ndi amayi ena ochapa amene anaweruka masana anawatsatira kuti akaone mwana wa pa foniyo ali ndi thupi.

Botilo linali litamangidwa pa kamlatho kamatabwa. Woliyendetsa, amene ankamutcha Kaputeni, anawalandira ndi manja awiri. M'katimo munali mipando yambirimbiri. Pa tebulo anayala nsalu yoyera yokhala ndi khwinya pakati, ntchito ya mtsikana amene analowa m'malo mwawo. Pa nsalupo panali tambula imodzi, mbale imodzi ya zipatso, ndipo pambali pake jekete imodzi yoyandamitsa.

"Matambula enawo ali kuti?"

"Ena a ndani, mayi? Ife anatiuza kuti mlendo ndi mmodzi."

Anaimbanso foni, ndipo ulendo uno mwana uja anayankha.

"Mwafika, amayi? Mwaliona botilo?"

"Iwe, uli kuti?"

"Kunyumba. Tikudikira zithunzi."

"Kunyumba kwake kuti? Ine ndauma pa siteji ngati thumba loiwalika!"

"Aa, amayi, ine ndinanena kuti tibwera? Ndinati takukonzerani. Anthu amalakalaka zimenezotu. Mupume, mukhale panokha, popanda phokoso."

"Pandekha? Zaka zonsezi ndakhala ndi ndani? Kukhala ndekha kwandichepera kumtunda kuno kuti ukandigulire kwina pamadzi?"

"Musakwiye, amayi. Ntchito yandipanikiza. Komanso ndalipira kale zonse."

"Unandifunsa? Nsalu ya m'botili ndaisita mpaka dzanja kupindika, kuti iwe udziwe kulemba. Lero ukundikhazika pa tebulo lomwelo ngati mlendo wopanda kwawo. Mwana wakoyo fungo langa akulidziwa? Akadzandipeza pamsewu adzandilonjera ngati mayi wogulitsa nthochi!"

Anadula foni.

"Anzathu!" anakuwa Thovu ali pamchenga. "Mdzukulu uja ali kuti? Kapena mwamubisa m'chipewamo?" Ataona nkhope ya mnzake, Thovu anatseka pakamwa, chinthu chimene anthu anali asanachionepo.

A Nasimbi anafuna kubwerera. Koma kunyumba kunali matiresi obwereka oyalidwa kale, ndiponso msewu wonse ukudikira pamakomo.

"Dzuwa silidikira munthu, mayi," anatero Kaputeni motsitsa mawu. "Timasule chingwe?"

"Botili anati ndi la ndani?"

"La inu nokha."

"Wamva, Thovu? Akuti la ife tokha. Kwerani nonse!"

"Koma mayi, ku ofesi anati mlendo mmodzi."

"Mlendo wake uti? Ukuona mlendo pano? Malaya wavalawo akhala akusita ndani? Tulutsa majekete, bambo, usandiwonjezere moto."

Kaputeni anayang'ana malaya ake, anayang'ana dzuwa, n'kutsegula bokosi la majekete. Amayi aja anakwera akugwirana, masilipasi ali m'manja. Jekete ya Thovu inakana kutsekeka pamimba.

"Zosokera anthu osadya izi," anatero. "Tikamira, inu mugwire ine. Thovu silimira."

Onse anaseka kupatula a Nasimbi. Tambula imodzi ija inayenda dzanja ndi dzanja, ndipo itawafika anaikankhira kwa wina. Boti linadutsa mabwato a asodzi amene ankapita kukatchera. A Nasimbi atatembenuka anaona hotela yonse, yoyera, mazenera ake akuwala. Anafunafuna zenera lawo. Silinkaoneka. Linali kuseri, kumene linali nthawi zonse.

Pakati pa madzi Kaputeni anazimitsa injini. Nyanja inali yosalala ngati nsalu yositidwa bwino. Dzuwa linatsika, lofiira ngati khala la m'simbi yakale, n'kuyala njira pamadzi mpaka pa boti.

"Ndiye chimenechi?" anatero a Nasimbi. "Chakhala chikuchitika kuseri kwa khoma langa madzulo alionse?"

Chinali chokongola, ndipo kukongolako kunawakwiyitsa kwambiri. Pambali pawo panali malo okwana kamwana.

Foni inalira, ya vidiyo. Mwana wawo anali atamukhazika mdzukulu pamiyendo.

"Amayi, tembenuzani foni, mwanayu aone dzuwa."

"Agogo!" kanatero kamwanako, kakumenya galasi ndi chala.

A Nasimbi anakayang'ana nthawi yaitali. Tsitsi linali litakula. Mutu unali waukulu kuposa mmene ankaganizira pogula chipewa. Anakasekerera pang'ono, kenako anayang'ana bambo ake.

"Dzuwa ili ndi la ife tokha. Unagula wekha choncho. Ndipo undimvetse, iwe: nkhope yangayi pa galasi simudzaionanso. Wofuna agogo akwere basi."

"Amayi, dikirani kaye."

Anazimitsa foni n'kuiika chafufumimba pa nsalu ya khwinya ija. Pamene ankadzutsa maso, dzuwa linali litatsala kachidutswa, ndipo anakayang'anitsitsa mpaka madzi anakameza.

Pobwerera kunayamba kuzizira. Kaputeni anamanga chingwe, amayi aja n'kutsika mmodzimmodzi, akukangana za amene anadya zipatso zambiri. Thovu anawagwira a Nasimbi pamkono kuti mawondo asawagwetse pa matabwa oterera.

"Matiresi aja ndidzatenge mawa?"

A Nasimbi anapinda kachipewa kachikasu n'kukaika m'chikwama.

"Asiye kaye," anatero, mawu akadali aukali. "Mpaka mvula yoyamba. Ikagwa asanafike, udzatenge."