Ndinachotsetsa habu yosalakwa

Lolemba m'mawa galimoto yanga inayamba kulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Injini inali bwinobwino. Phokosolo limachokera kumbuyo, limakula liwiro likamakula, n'kuzimiririka ndikaima. Ndayendetsa galimoto zaka zokwanira kudziwa dzina la matenda amenewa. Habu yatha.

Kwa inu amene simunaionepo, habu ndi chitsulo chomwe tayala limamangidwapo. M'kati mwake muli timipira tachitsulo tozungulira mu girizi. Timipirato tikadyeka, poyamba mumamva phokoso, kenako tayala limagwedera, ndipo mukaumirira limatha kuuma kapena kuguluka galimoto ili pa liwiro.

Ine ndinalibe mpata woyesera zimenezo. Lachisanu ndinayenera kukatenga apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, kumudzi kwawo ku Mphunzi kupita nawo ku Lilongwe kukaonana ndi dokotala wa maso. Tsiku limeneli analidikira miyezi. Ukaliphonya, umakayambiranso kumapeto kwa mzere.

Ndiye ndinachita zomwe amachita munthu wodzimva kuti amadziwa. Ndinagula habu yatsopano pa boma pano, n'kupita nayo kwa a Jafali, makaniko amene ali ndi galaja kuseri kwa msika.

"A Jafali, ikani iyi kumbuyo, mbali ya dalaivala. Ndili pachangu."

Anayang'ana habu, anayang'ana galimoto, kenako anayang'ana ine.

"Mbali ya dalaivala, bwana?"

"Eya. Ndikulimva bwinobwino phokosolo. Lili kuseri kwa khutu langa lomwe."

"Chabwino, bwana."

Ntchito anaigwira mwaukhondo. Jeke pansi, tayala kunja, mabuleki pambali, mabawuti anayi omasulidwa, yakale yachoka, yatsopano yalowa. Ola limodzi silinakwane. Ndinanyamuka mokondwa. Nditangolowa mumsewu waukulu n'kuponda mafuta, njuchi zija zinabwerera zonse.

Lachiwiri ndinadzinamiza kuti chitsulo chatsopano chimafuna kuzolowera. Lachitatu ndinabwerera ku galaja mawu okalipa ndili nawo kale pakamwa. Sindinawagwiritse ntchito. A Jafali anangopukuta m'manja n'kunena kuti, "Ndimakuyembekezerani dzulo. Tiyeni tiyende pang'ono, ine ndikhale kumbuyo."

Pamalo pomwe msewu unali wopanda anthu anandiuza kuti ndikhotetse chiwongolero pang'ono kumanzere. Phokoso linachepa. Kumanja. Linakula mpaka kunjenjemeretsa mpando.

"Mwamva? Mukakhotera kumanja, galimoto imatsamira tayala lakumanzere. Lomwe likulira likalemedwa ndiye lodwala."

Titabwerera anakweza mbali yakumanzere, n'kundigwiritsa tayala, dzanja lina pamwamba lina pansi. Ndinagwedeza. Linayankha kuti kho, kho, ngati chitseko chothyoka mahinjesi.

"Limeneli ku Lilongwe likanafika?" ndinafunsa.

"Mwina likanafika. Mwina mukanaliona likukupitirirani pa mtsetse, likupita lokha."

"Nanga bwanji simunandiuze Lolemba?"

"Ndinakuuzanitu, bwana. Ndinakufunsani kuti mbali ya dalaivala? Kumeneko kunali kukuuzani. Munthu mwabwera ndi mankhwala anu kale, jakisoni ali m'manja, ine ndinene kuti chiyani? Wina ndinamutsutsa poyera chaka chatha, anakafalitsa kuti Jafali amapeka matenda kuti adyepo."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Dalaivala amakhala kumanja, ndiye phokoso lililonse amalimvera kumanja. Koma tayala lomwe limavutika m'misewu yathuyi ndi lakumanzere. Lole ya matabwa ikamatsika kuchokera kuphiri, timaipatukira, ndipo lomwe limagwera m'mphepete modyekadyeka mwa phula ndi lakumanzere. Mvula ikagwa, lomwe limasambira m'matope ndi lomwelo. Onjezanipo matumba a kachewere omwe achibale amatisenzetsa nthawi yokolola. Zonsezi ndimazidziwa. Sindinaziganizire, chifukwa ndinali nditagamula kale.

Nkhaniyi si ya kugalaja kokha. Kodi ndi kangati mmisiri womanga nyumba amakufunsani kuti, "Khomo liyang'ane uku, bwana?" inu n'kuyankha kuti eya, kenako mwezi wa Juni mphepo ya ku Dedza ikukupezani pabedi? Telala akabwereza kuti, "Nsalu iyiyi, mayi?" mumaganiza kuti sanamve?

Anamva. Kwathu kuno munthu waulemu sakuuza kuti walakwa. Amabwereza mawu ako omwewo, n'kuikapo funso kumapeto. Akutsegulira khomo kuti utuluke wekha popanda kuchita manyazi. Ukapanda kuliona khomolo, amati "chabwino," ndipo "chabwino" ameneyo satanthauza kuti zili bwino.

Ena anganene kuti amisiri aphunzire kulankhula mosapita m'mbali. N'zoona, makamaka pomwe pali moyo wa munthu, ndipo a Jafali ndinawauza zimenezo. Anavomera. Koma gawo lalikulu ndi lathu, ife obwera titavala jekete. Mmisiri alankhula bwanji ngati timamulanga akanena zoona? Tisiye kufika ndi malamulo. Tizifika ndi zomwe taona ndi kumva, n'kufunsa kuti, "Inu mukuona bwanji?"

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi ichi. A Jafali analowa m'kachipinda ka zida n'kutuluka ndi kanthu kokulungidwa m'thumba la feteleza. Inali habu yanga yakale ija, yopukutidwa bwino. Sanaitaye, sanaigulitse.

"Ilibe vuto iyi. Pa galimoto ngati yanuyi, yakumanja ndi yakumanzere n'zofanana. Ndinaisunga chifukwa ndimadziwa kuti mubweranso. Anthu a mapepala inu mumakhulupirira makutu anu kwambiri."

Anaiika kumanzere. Yomwe anachotsa kumanzereko nditaizunguza ndi dzanja, imalira ngati muli mchenga. Luso lilipo m'magalaja athuwa, kukhulupirika kuliponso. Chimasowa ndi munthu wofunsa.

Lachisanu tinanyamuka ku Mphunzi m'mamawa, ine kutsogolo, mkazi wanga ndi mayi ake kumbuyo. Galimoto inayenda mwakachetechete moti ndimamva mikanda ya kolona ikugundana m'manja mwa apongozi. Tinafika nthawi isanakwane.

Pa tebulo lolembera odwala, namwino anafunsa kuti diso lomwe likuvuta kwambiri ndi liti. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Mkazi wanga anandiponda phazi. Apongozi anayankha okha, ndipo sanatchule diso lomwe ine ndimafuna kutchula.

Nanga inu, sabata ino ndani wakubwerezerani mawu anu mwaulemu, inu n'kungoyankha kuti eya?