Matemba Achikasu a Abiti Sumani

Ndikamva fungo la manjano akukazingika m'mafuta, ndimaona Abiti Sumani atakhala pakhonde pawo, akupera mizu yake yachikasu ija pamwala, mphepo ikubweretsa utsi wa nsomba zowamba kuchokera ku doko la Kachulu, zala zawo zitachita chikasu mpaka m'zikhadabo. Anali aneba athu, mayi wachisilamu wamfupi, wolongolola, amene kuseka kwawo kunkadzutsa nkhuku. Ine ndinkawakonda kwambiri.

Chaka china bambo anga anatupa maondo, nthawi yowokera mpunga ku Likangala itakwana. Mbande zinkakula pa nazale, iwo akulephera ngakhale kunjuta. Mapiritsi a kuchipatala ankathandizako, koma ankawawotcha m'mimba. Tonse tinkadziwa kuti tikapanda kuwokera, njala itipeza.

Abiti anabwera ndi mizu yawo m'kansalu. Bambo, amene anali mkulu wa mpingo, anangoyang'ana kumbali.

"Ine za zitsamba ayi, Abiti. Ndinalumbira pamaso pa mpingo."

"Iii, Che Matiyasi, izitu n'zothira m'ndiwo!"

Bambo anali munthu wa liuma, ndipo anakanitsitsa.

Mawa lake Abiti anandiitana. Anali akuphika matemba mumphika wawo, poti miphika yathu sankaikhudza chifukwa tinkaphikiramo nkhumba. Anathiramo manjano, mafuta ndi tsabola wakuda.

"Popanda mafuta ndi tsabolayu, manjano amangodutsa m'mimba ngati mlendo," anandiuza. "Ukanene kuti n'kaphikidwe kachiyao basi. Wamva, Esinati?"

Tsiku ndi tsiku ndinkanyamula mbale ya matembayo kupita nayo kwa bambo, ndikuopa kuti ndikunamiza mkulu wa mpingo. Bambo ankadya osafunsa kanthu, n'kupukuta mbale yonse. Patapita masabata, kutupa kunayamba kuphwa. Kaya anali manjano, kaya mapiritsi, kaya kupuma, sindingalumbire. Chomwe ndinaona n'chakuti bambo analowa m'matope n'kuwokera, mochedwa ndithu, akutsimphina.

Titakolola, bambo anakweza thumba la mpunga panjinga n'kulikankha mpaka pakhomo pa Abiti, ine ndili pambuyo.

"Abiti, ndabwera kudzathokoza ndiwo zija."

"Zinali ndiwo chabe, Che Matiyasi."

Bambo anakweza dzanja lawo lamanja. "Ndiwo chabe zondipaka zala mpaka kumabisa dzanja m'thumba polalikira? Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe lija. Munandisungira lumbiro langa, n'kundisungiranso maondo."

Abiti anaseka mpaka misozi, akudziphimba kumaso ndi mpango.

Posachedwapa namwino wina anandiuza kuti chomwe chimachititsa chikasucho amachitcha kekyumini, ndipo akuti chimathandiza kuchepetsa kutupa. Abiti anatisiya kalekale osalimva dzinalo, koma muzu umene anandipatsa pa ukwati wanga wadzaza kuseri kwa nyumba yanga. Amuna anga nawonso ndi mkulu wa mpingo, ndipo maondo ayamba kuwavuta. Amadya matemba achikasu tsiku ndi tsiku, ndipo sanandifunsepo kanthu.