Chingwe cha m'khwapa mwa achemwali anga

Inu owerenga, ine ndinachotsetsa ntchito achemwali anga a bere limodzi, ndipo ndinachita zimenezi ndikuganiza kuti ndikuwathandiza.

Timakhala tonse m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ku Mamelodi. Iwowa ndi amene anakanditenga ku Ntcheu kubwera nane kuno ku Joni. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Arcadia, ndipo atapezeka ndi khansa ya m'mawere, abwana awo analonjeza kuwasungira malo mpaka achire. Opaleshoni inayenda bwino. Anachotsa bere lodwalalo pamodzi ndi anabere a m'khwapa.

Patapita milungu ingapo, ndikuwasambitsa, ndinaona chinthu ngati chingwe pansi pa khungu, kuchokera m'khwapa mpaka pachigongono. Akati akweze mkono, chinkakungika, iwo n'kubuula. Azakhali athu anapita ndi khansa yomweyi itabwereranso, choncho mumtima ndinangoti basi, yafalikira. Achemwali anafuna kupita kuchipatala tsiku lokaonana ndi dokotala lisanakwane, koma ndinawaletsa, poopa kuti akawauza mawu owathetsa mphamvu. Ndinkangowathowa ndi madzi otentha, n'kumawanamiza kuti ndi kutupa wamba.

Mwamseri ndinaimbira Amayi kumudzi kuti alimbe mtima, ndibwera nawo achemwali kuti akatsirizikire pakhomo. Kenako ndinakwera takisi kupita ku Arcadia, n'kukauza abwana aja kuti asavutike kudikira. Anagwetsa misozi, ndipo pasanapite nthawi analemba munthu wina.

Tsiku la kuchipatala litakwana ndinawaperekeza. Dokotala wachizimayi anagwira chingwecho, kenako anawapaka mafuta ozizira m'khwapa n'kumayendetsapo kachipangizo kounikira m'thupi. Ine ndinayang'ana pansi, kudikira mawu oipa. Iye anatiuza kuti chotupa palibe, magazi oundana mumtsempha palibenso. Anatiloza kamzere kakang'ono pa makinawo. Anati ndi timitsempha tonyamula madzi a m'thupi tomwe timauma ndi kukungika akachotsa anabere, ndipo zimachitikira amayi ambiri opaleshoni ikatha. Mankhwala ake ndi mafizo owongola mkono pang'onopang'ono. Anadandaula kuti tinachedwa, phewa linali litayamba kale kuuma.

Achemwali anatuluka akumwetulira. Tili pa siteji anatulutsa foni kuti auze abwana awo kuti abwerera posachedwa. Ndinawagwira dzanja n'kuulula zonse pomwepo, anthu akudutsa.

Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Ndiye Amayi masiku onsewa akhala akundilira?"

Ndinavomera. Anakwera takisi, ine pambuyo pawo.

Lero mkono uja umakwezeka, amayanika okha zovala. Koma ntchito yokhazikika sanaipezebe, amangoyendera maganyu ochapa. Amayi amati akamva foni yochokera ku Joni ikulira, amaopa kuyankha. Achemwali anati anandikhululukira, komabe akapita kuchipatala amapita okha.

Abale anga, mukaona chachilendo pathupi la m'bale wanu amene wachitidwa opaleshoni, musaweruze ndi maso. Mwina n'choopsa, mwina ayi, koma wodziwa ndi amene waunika. Pitani naye msanga. Ndipo matenda ali ndi mwini wake. Musanaimbire wina aliyense, yambani mwalankhula ndi iyeyo, chifukwa ine ndinauza anthu onse kupatula munthu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi.